Kompyuta ya m'Kabati ya Mbale

Ine, amene makasitomala amanditchula kuti Chimphepo, wa zaka 43, wokhala kuseri kwa msika waukulu, womanga ndi kukonza makompyuta, ndikunena izi:

Mwezi watha kushopu kwanga kunabwera bambo wina wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, amene tonse timawatchula kuti a Giya. Ankafuna kompyuta ya masewera a mpikisano wa magalimoto, yokhala ndi makhadi a zithunzi awiri ogwirira ntchito pamodzi, zipangizo za mkati zimene zimatulutsa zithunzi pa sikirini. Ndinawauza kuti khadi limodzi labwino likwanira. Anati, "Galimoto ya injini imodzi ndili nayo kale." Sindinalimbane nawo, ndinamanga.

Makhadi awiri m'bokosi limodzi ali ngati mbaula ziwiri m'kachipinda kamodzi. Limene limazunzika ndi la pamwamba, chifukwa limapuma mpweya wotentha wochokera kwa linzake. N'chifukwa chake ndinasiya mpata wa zala ziwiri pakati pawo, n'kuika mafani atatu kutsogolo okokera mpweya mkati ndi awiri pamwamba outulutsa. Ndinaiyesa tsiku lathunthu ndi masewera olemera, sinatenthe kupyola muyezo. Pa timabawuti tomangira makhadiwo ndinadonthezapo penti wa m'zikhadabo wobiriwira. Ndimatero ndi ntchito yanga iliyonse, kuti munthu akamasula ndidziwe.

Kunyumba kwawo ndinakaiika ndekha, patebulo la pabalaza, motalikirana ndi khoma. Ndinawauza a Giya pamaso kuti, "Iyi musamaifunditse, si khanda. Ikufuna mphepo mbali zonse." Anaseka, nati amva.

Lachiwiri lapitali masana anandiimbira foni kuti kompyuta yazima pakati pa mpikisano ndipo ikununkha ngati waya wopsa. Ndinali ndi ntchito kwina, ndiye ndinapita Lachitatu m'mawa. Ndinapeza mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, atagona kale m'chitokosi kuno ku polisi. Bamboyu ndi telala, akukhala nawo kwa kanthawi uku akufunafuna malo osokerapo. A Giya, amene anamumangitsa, anandiuza kuti mlamuyo anaba khadi latsopano n'kulowetsamo lakufa, chifukwa pakhomopo ndi yekhayo amene amagwira sikuludiraiva, pokonza makina ake osokera.

Patebulo paja kompyuta panalibe. Ndinaipeza m'kabati ya magalasi momwe amasungiramo mbale za alendo, kumbuyo itagunda thabwa, zitseko zili chitsekere. Thabwalo linabooledwa kuti mawaya adutse. Pamwamba pa bokosi, pomwe pali mafani otulutsa mpweya, panali nsalu yoluka ya ulusi wofiira ndi woyera, yamphonje, ndipo pansaluyo panakhazikidwa maluwa apulasitiki. Nsalu zoterozo zinalinso pa TV, pa wailesi ndi pamipando.

Ndinafunsa amene anaisamutsa. Anandiyankha ndi mayi awo a Giya, amene anabwera kudzacheza kumayambiriro kwa mwezi uno. Anayankha monyadira ndithu: "Chinthu chodula chotere n'kumakhala pafumbi? Ndinamuuza mwana wangayu achiike pabwino, ndipo kansalu kakeko ndinaluka ndekha." A Giya anayang'ana pansi.

Ndinatsegula bokosi onse akuona. Penti wanga pa timabawuti tonse anali bwinobwino, wosasweka. Fani ya khadi la pamwamba inali itakulunga ulusi wofiira wa mphonje mpaka yosazungulira ngakhale ndi chala, ndipo pulasitiki ya pambali pake inali itapindika ndi kutentha. Khadi la pansi ndi lamoyo. Ntchito imeneyi ndakalamba nayo, ndipo ndikunena mosaphethira kuti khadi lopsalo ndi lomwe lija ndinamangamo ine. Palibe anamasula kanthu. Itanani wina aliyense wodziwa makompyuta, adzakuuzani zomwezi.

A Giya anandikokera pakhonde. Mawu awo anali awa: "Chimphepo, a polisi akakufunsa, zansaluzi usakatchule. Amayi ali ndi BP. Mlamu atuluka, mlandu ndikauthetsa sabata yamawa anthu akaiwalako." Ndinawayankha kuti sabata yamawa ndi kutali kwa munthu wogona pasimenti. Anati ine sindikudziwa za m'banja. Ndinati za m'banja sindizidziwadi, koma amene ndinamuuza za mphepo ndikumudziwa, ndipo amene anaboola kabati akudzidziwa yekha.

Nthawi imeneyo akazi awo anali pakhomo la khitchini atanyamula chakudya chokapereka kwa mchimwene wawo. Anamva zonse. Anangotidutsa n'kutuluka pageti. Zimene ananena a Giya zija zinandinyansa, ndipo mulembe momwemo. Khadi likapsa timagula lina, koma telala akatchuka ndi dzina la kuba, ndani angamusiyirenso nsalu?

Kompyutayo ndinaisiya momwemo, ndinangoijambula ndi foni. Zithunzi ndapereka kwa wapolisi amene akulemba mawu angawa.

Lero m'mawa, ndikutsegula shopu, ndinaona mayi awo a Giya aja akutsika minibasi okha, chikwama chili m'khwapa. Analowa, anakana mpando. Anatulutsa nsalu ija n'kuiyala patebulo panga. Anati, "Bambo, ine si mwana. Kunyumba aliyense akungondizemba maso, mpongozi wanga sakudya. Ndiuzeni zoona. Kodi ndi nsalu yangayi imene yagoneka mwana wa eni ake m'chitokosi?"

Ndinawauza kuti nsaluyo ndi kabatiyo ndi zimene zinapsereza khadi, koma iwo sakanadziwa chifukwa palibe anawauza. Ndinawauzanso kuti nsalu siimangitsa munthu. Anapempha madzi akumwa. Atamwa anapinda nsaluyo bwinobwino, nati, "Tsekani shopu, tiyeni."

Tabwera limodzi. Panopa ali pabenchi panjapo, nsalu ili pamiyendo. Mwana wawo wawaimbira foni kangapo, sakuyankha. Akuti sachoka pano mpaka telala atuluke, ndipo ngati m'chitokosimo mukufunika munthu, mulowetse iwowo.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Mawuwa andiwerengera ndipo ndavomereza kuti ndi angadi.

Wopereka umboni: ____________________

Wolemba umboni: ____________________