Nkhani Imene Sindinamutengere Felesiya

Chaka chimene Che Jafali anakhoma sola padenga la golosale yawo kuno kwa Chulu, ambiri a inu munali musanayambe kusankha fodya, ndipo ine mano akutsogolowa ndinali nawo onse. Seka bwino iwe Mafuno, nawenso zikubwerera. Mundibwereke makutu okha, manjawo azigwira ntchito, poti kapitawo akabwera wolakwa ndikhala ine wolongolola.

Mukudziwa nonse kuti fodya wouma amagwirika m'mawa ali wofewa, koma dzuwa likafika paliwombo amangofumbutuka ukamukhudza, ndiye chikhalire masana ndi athu ife amayi. Kale tinkakumana pamtondo, tikusinja ndi kuuzana zakukhosi, koma chigayo chinabwera n'kutibalalitsa. Lero ndiye kaya, aliyense wangoweramira foni yake ngati akutola nsabwe. Koma pakati apo panadutsa zaka zingapo zimene tinali ndi kanema wa Che Jafali, ndipo wani koloko iliyonse, Lolemba mpaka Lachisanu, ankaonetsa sewero la kunja losatha, la banja lina lolemera lokhalira kulandana amuna. Nthawi yomweyo Che Jafali ankapita kumzikiti kukaswali, ndiye ankangotembenuzira kanemayo pakhonde n'kunena kuti, “Amayi, mundionere shopu.” Tinkaonera shopu ndi diso limodzi, linalo lili pa sewero.

Linali la Chingerezi, ndipo womasulira ndinali ine, ndi Chingerezi changa cha Sitandade faifi. Ndiulule lero: theka ndinkamva, theka ndinkangopeka. Mzungu akalankhula mothamanga ine ndinkati, “Akuti ndiwo zilibe mchere,” amayi onse n'kuwomba m'manja kuti eee, amuna ndi amodzi dziko lonse!

Tinali ndi lamulo lathu, losalemba paliponse. Mayi akajomba pabenchi, tsiku lomwelo mmodzi wa ife ankamutengera nkhani kunyumba kwake, kukamufotokozera zonse zimene zachitika m'sewero. Inu mukuona ngati zachibwana, koma akazi a matenanti ndi alendo, anachokera ku Phalombe, ku Thyolo, ku Dedza, alibe mayi, alibe mlongo pafupi. Wotengera nkhani uja ndiye ankaona ngati mnzathu wadwala, ngati m'nyumba mulibe ufa, ngati diso latupa.

Mwa alendowo munali Felesiya, mtsikana wa ku Phalombe, woseka mobisa pakamwa ndi chitenje. Anali ndi pakati poyamba. Mwamuna wake Makwinja anali tenanti wolimbikira, izo sindingamunamizire, koma wouma mtima, wosafuna mkazi wina aliyense aponde pakhomo pake, eti timaphunzitsa mkazi wake mwano. Kugolosale ankamulola chifukwa mjigo uli pomwepo, ankapita ndi ndowa. Koma nkhani ya sewero yokha sankaibweza, ayi. Ukafika nayo ankakhala pambali ngati akunola khasu, khutu lili kwa iwe, ndipo ukadumpha pena ankafunsa yekha kuti, “Nanga mkazi wa m'chipatala uja wadzuka?”

Mwezi wachisanu ndi chitatu wa pakati pakepo ndinayamba kuona mapazi a Felesiya. Anatupa mpaka patapata anakana kulowa, zala zam'manja nazo zinanenepa, ndipo pabenchi ankatsinzina, akuti kanema akumuwala m'maso.

“Mwanawe, kusikelo unapita liti?”

“Kamodzi kokha, amayi, mvula isanathe. Bambo akunyumba akuti fodya sadikira munthu.”

“Nanga mutu?”

“Ukuwawa ngati akukhomamo msomali.”

Ine ndabereka asanu ndi awiri, ndaikako atatu, ndipo kutupa kumeneko ndinkakudziwa. Kumapha. Lachisanu la mlungu womwewo tinapangana amayi tonse kuti Lachinayi likudzalo, tsiku la sikelo, Felesiya akangotula ndowa pamjigo timukweza pakabaza, ine ndimuperekeze, ndipo Makwinja akakwiya adzakwiyire gulu lonse. Felesiya anavomera. Zonse zinali m'malo.

Lolemba tafika, takhala, Che Jafali atembenuza kanema, ndipo m'malo mwa anthu athu aja mwatuluka mwamuna wa suti yonyezimira akukuwa, akugwetsa anthu pansi. Tinati mwina achedwa. Tinadikira mpaka Che Jafali anabwerako kumzikiti, tili chikhalire. Iwo anaimba foni kuwailesi ya kanemayo ife tikumva, ndipo anayankha mtsikana wa mawu osalala, akuti nthawi ya wani koloko aipereka kwa ena, sewero lathu liziwonetsedwa naini koloko m'mawa.

“Mwanangu,” anatero Che Jafali, “naini koloko kuno anthu ali m'zigafa, akusankha fodya akadali wofewa. Ndani angachoke?”

“Pepani bambo, ife za m'zigafa sitingazidziwe.”

Basi, foni n'kudula. Sanatukwane, sananame. Sankatidziwa, ndipo mpaka lero sadziwa kuti kuno kunali benchi. Patapita milungu iwiri ndinamva kuti analichotseratu, eti palibe amene ankaonera. Akanaonera ndani?

Lachiwiri tinabwera anayi okha, mwa chizolowezi. Felesiya panalibe, poti Makwinja anali atamva kale kuti masana kulibenso sewero, ndipo madzi anayamba kukatunga iye mwini panjinga. Lachitatu ndinavala nsalu yanga, ulendo kutsidya la dambo kumene kunali nyumba zawo zaudzu. Ndinamupeza Makwinja pakhomo akudula luzi.

“Odi kuno!”

“Fikani amayi. Mwabwera ndi nkhani yanji lero?”

Ananu, tamverani apa, poti apa ndi pamene pamandiwawa. Munthuyo anafunsa ndi njala, maso ali gwa pa ine, mpeni atauika pansi. Iye sankadziwa ngati wina anaonera m'mawa uja kapena ayi. Ndikanangoti mkazi wa m'chipatala uja wadzuka, wapeza mwamuna wake atakwatira mng'ono wake, akanandiyalira mphasa, ndikanalowa, ndikanamugwira Felesiya dzanja n'kumuuza kuti mawa m'mawa ndidzakutenga, zivute zitani. Ine amene ndinkapeka tsiku ndi tsiku popanda wondikakamiza! Koma mtima unali utadzaza ndi mkwiyo wa anthu a kuwailesi aja, ndipo pakamwa panga panangotuluka zoona.

“Nkhani ndilibe bambo, sewero anatilanda. Ndabwera kudzaona Felesiya, mapazi aja sakundisangalatsa. Mawa apite kusikelo.”

Nkhope inasintha pomwepo. “Ndinkadziwa ine kuti kumeneko mumakapangana. Mkazi wanga ali bwino, akupuma. Kutupa ndi mimba imeneyo, mayi anga ankatupa chomwecho ndipo tinabadwa tonse. Pitani bwino, amayi.”

Chitseko chinali chotseka theka. Ndinaona dzanja lokha likundibayibitsa m'katimo, lotupa, ndi mawu otsika akuti, “Ndili bwino, amayi, musavutike.” Ndipo ine, mayi wamkulu, wodziwika pamudzi pano kuti pakamwa panga sipalowa ntchentche, ndinatembenuka n'kumapita. Ndinadziuza kuti mawa ndibwera ndi gulu. Koma gulu lake liti? Lachinayi wina anali kuchigayo, wina mwamuna wamuletsa, wina akuti tidikire Makwinja aphwe mtima. Popanda wani koloko panalibenso chotisonkhanitsa, ndipo ine ndekha ndinachita manyazi kukabwezedwa kawiri pakhomo pa mwana wamng'ono kwa ine. Manyazi, ananu. Palibe china.

Lolemba linalo masana, Makwinja pochokera kuchigafa, anamupeza Felesiya ali pansi pafupi ndi mtsuko akuphupha, atadziluma lilime. Kaya anagwa nthawi yanji, palibe akudziwa. Anakuwa, tinathamanga, tinamukweza pangolo ya ng'ombe, ine nditamupakata mutu, koma tisanafike ndi pamsewu waukulu pomwe ndinamva thupi lalemera. Anapita ndi mwana wake yemwe. Makwinja analira ngati kamwana, akudzimenyetsa pa gudumu la ngolo, ndipo ine ndinalephera ngakhale kumuda.

Tinamuika kuno, kumanda a alendo kuseri kwa esiteti, poti Phalombe ndi kutali. Mayi ake anafika patatha masiku awiri, kamayi kakang'ono, kopanda nsapato, katanyamula kathumba ka nandolo kamene kanasungira mwana wake kuti adzadye akachira. Tinawaperekeza kumanda, anakhala pansi nthawi yaitali osalira, ndipo podzuka anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, mpaka maso awo anaima pa ine, wamkulu pagululo. Sanakweze mawu.

“Kodi kuno kulibe amayi?”

Zaka zonsezi funso limenelo ndimagona nalo. Ndimafuna kuwada a kuwailesi aja, masiku ena ndimawadadi, koma iwo anangochotsa sewero. Amene anafika pakhomo n'kubwerera ndine.

Ndiye ananu, sindikukuuzani kuti dziko libwerera mwakale, silibwerera, likungopitabe kutali. Ndikungokupemphani kuti musamadikire chifukwa choti mupitire kwa mnzanu, ndipo akakubwezani, khalani pansi pakhomo pomwepo, manyazi sanaphepo munthu. Taonani pamphasapo, pakati pa Mafuno ndi Eneles. Pamakhala mkazi wa tenanti watsopano uja, wa ku Thyolo. Lero ndi tsiku lachitatu palibe munthu, ndipo palibe mmodzi wa inu amene wafunsa. Mafuno, siya fodyayo. Kapitawo ndilankhula naye ine. Pita.