Kapu ya Alendo

Pa mzere wolembetsa maphunziro kukoleji, dalaivala wa thiraki, wa imvi m'ndevu, ankangoitembenuza fomu yake. Mayi amene anali kumbuyo kwake anaisuzumira.

"Mwalakwitsa, bambo. Pamwambapo mpolemba dzina la mwana. La kholo ndi pansipa."

"Wophunzirayo ndine."

"Pepani. Mudzaphunzira chiyani?"

"Zamagetsi. Ntchito yoti dzuwa likamalowa ndizikhala ndili pakhomo. Chiwongolero ndachigwira zaka makumi awiri, chandikwana."

"Koma a mathiraki si mumalandira bwino? Achimwene anga amailira ntchito imeneyo."

"Muwauze athamange, mpando ukadali wofunda."

"Nanga kukhala m'kalasi ndi ana oti mukanabereka nokha, manyazi sadzakugwirani?"

"Manyazi anandigwira kale kunyumba kwanga. Ulendo wina ndinatha miyezi iwiri ndili pamsewu. Nditafika, kamtsikana kanga kotsiriza kanandilandira chikwama, kundikhazika pabalaza, n'kundipatsa madzi m'kapu ija timasungira alendo."

"Ndiye munalera bwinotu."

"Analera bwino ndi mayi ake. Ndili mkati momwa madziwo, ndinakamva kukhitchini kakunong'oneza kuti, 'Amayi, alendowa agona konkuno?'"