Ndere za a Lucius sizinali zinyalala

Malemu a Lucius Alufandika anabadwa pa 9 Meyi 1968 ku Mbedza konkuno. Ine ndine Benedicta, mlongo wawo wamkulu. Ndiwerenga mwachidule, dzuwa lakwera.

Sekondale anaphunzira ku Masongola. Mu 1991 anayamba ntchito mu labotale yoona za nsomba, ndipo mu 1995 anamanga banja ndi mayi Clara mumpingo wa CCAP.

Mu 2017 chambo cha m'madamu a alimi kumunsi kwa phiri la Zomba chinayamba kutuluka zilonda n'kumafa. Malemu anapeza kuti ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya, ndipo mankhwala ogula sankathandizanso. Anaganiza zoyesa ndere za m'nyanja yamchere. Kuno kulibe nyanja yotero, choncho anapita okha ku Mozambiki kawiri, pa basi, n'kubwera nazo m'matumba. Ankaziyanika pamthunzi, kuzisinja, kuziviika, n'kudontheza madzi ake m'timbale tokhala ndi tizilomboto. Pamene pagwa dontho, tizilombo sitinkaswana. Chinatsala n'kuyesa m'damu lenileni.

Ena muli panopa munkawaseka kuti, "Achimwene, mwayamba using'anga?" Iwo ankangoti, "Sekani, koma ukonde muziuyanika musanabwerekane, matenda amayenda nawo." Simunamve, ndipo nsomba zikufabe.

Anayamba kudwala impso mu Ogasiti 2024, ndipo anatisiya Lachiwiri, pa 11 Malichi 2025.

Tsono ichi ndinena, ndikwiyitse amene ndimukwiyitse. Dzulo masana, potulutsa katundu m'nyumba kuti azimayi apeze pokhala, achibale anapeza matumba atatu a nderezo. Sanafunse mayi Clara, omwe anali pomwepo. Anati ndi zinyalala, n'kuwaponya pamoto wa pasiwa. Maulendo awiri aja apsa ife tikuona. Chatsala ndi kope limodzi lobiriwira la miyezo yawo, ndipo masamba ake awiri wina wayatsira kale mbaula.

Malemu asiya mkazi wawo, ana aamuna awiri, a Gilson ndi a Steven, ndi zidzukulu zinayi. Tikuthokoza ampingo, adzukulu okumba manda ndi anamwino amene anawasamalira. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Inu achibale, pogawana katundu musakhudze kopelo. Lipite lathunthu kwa a Nickson, anzawo a ku labotale, akamalize ntchitoyi. Alimi, yanikani maukonde. Ndipo chinthu chimene simukuchidziwa, muziyamba mwafunsa musanachiponye pamoto.