A Zimitsani ndi Maimelo Amene Anapulumuka Madzi

A bwana mkulu, a dokotala, anamwino, amisiri anzanga, alamu athu, akazi a mnzathu amene akupuma pa ntchito leroyu, amene mwakhala kutsogoloku pamodzi ndi ana ndi adzukulu, ndikupereka ulemu kwa nonse. Andiuza kuti ndisatalikitse. Ndiyesetsa, koma munthu tikutsanzikana nayeyu nkhani zake n'zambiri.

Kwa alendo, pano timapanga miyendo ndi manja oikirira anthu amene anadulidwa ziwalo. Ine ndine wa pulasitala ndi macheka. Bambo awa ndi amene akhala akusamala makompyuta athu. Dzina lawo lenileni limadziwika ndi alamu okha. Ife timawatchula kuti a Zimitsani. Ukawaimbira kuti kompyuta yavuta, usanamalize n'komwe kufotokoza, amvekere, "Zimitsani, muyatsenso." Tsiku lina anamwino anawauza kuti ketulo yafa. Yankho linali lomwelo. Chowawa n'chakuti ketuloyo inayakadi.

Musaone imvizi, nawonso anayamba ndi kupunthwa. Atangolembedwa ntchito, tsitsi lidakali lonse, bwana wa nthawi imeneyo anawauza kuti asunge maimelo ake, kenako ayeretse kompyuta poti inkachedwa. Bambo awa anakopera maimelo onse bwinobwino, n'kuwasunga pa kompyuta yomweyo. Atatero anaifufuta yonse, mbee.

Bwana anafunsa, "Maimelo anga ali kuti?"

"Ndasunga, bwana."

"Mwasunga kuti?"

Anangoloza kompyuta ija. Alamu, mukukumbukira kuti tsiku limenelo sanadye?

Kuchokera pamenepo anasanduka mlaliki. Lachisanu lililonse masana ankayenda desiki ndi desiki ndi kabokosi kakuda kosungira mafayilo, kali ndi kachingwe ngati mchira wa khoswe. Akakopera maimelo ako, ankapita nawo kuchipinda kwawo kukawatsegula pa kompyuta ina yakale. Ankati, "Zimene mwasunga koma simunazitsegule kwina, simunasunge. Mwangodzitonthoza mtima." Anthu ankawathawa. Ena akangomva nsapato zawo m'khonde, ankathawira kuchimbudzi nthawi yomweyo.

Kenako linafika Lolemba lina losaiwalika. Paipi ya madzi inali itaphulika kudenga kumapeto a sabata. Tinapeza kompyuta ya a dokotala ikudontha ngati chovala cha pachingwe. Yakale ija ya a Zimitsani nayonso inali itamwa madzi, poti zipindazo n'zoyandikana. Masiku amenewo maimelo akafika pa kompyuta ankakhala momwemo basi, kwina kulibe.

M'maimelo amenewo munali miyeso ndi zithunzi za mayi wina, mphunzitsi, amene anadulidwa mwendo pa ngozi ya basi. Anamuyezera ku kachipatala kakutali, ndipo kachipatalako kanali katatsekedwa, namwino wake atasamutsidwa. Mayiyo anali atauza a dokotala pafoni kuti, "Mwana wanga akukwatiwa kumapeto a mwezi uno. Sindikufuna kuti adzandikankhe pa njinga ya olumala. Ndikufuna ndidzayende naye." Kumuyezanso kukanatidyera masiku amene tinalibe.

A Zimitsani anatulutsa kabokosi kaja m'chikwama. Tinapuma. Koma atakalumikiza pa makompyuta atsopano a kutsogolo, fayilo ya maimelo a dokotala inakana kutseguka. Pulogalamu ya maimelo inali ina. Pa sikirini panangobwera tizilembo ngati nyerere zamwazikana. A dokotala anagwira m'chiuno. Ine ndinafunsa, "Bambo, tizimitse, tiyatsenso?" Sanaseke. Anatenga foni n'kuimbira kunyumba, chifukwa anakumbukira kuti laputopu yakale ya alamu inali ndi pulogalamu yomwe ija.

Alamu anafika nayo ataikulunga m'thaulo ngati khanda. Asanaipereke anati, "Bambo a ana, muli zithunzi za adzukulu anga umu. Chikasowa chimodzi, mudzagona kuno ndi miyendo yanu yoikirirayi."

A Zimitsani anayankha, "Ndiyamba ndazisunga kaye, mayi." Ndipo anayambadi ndi zithunzizo, ife mitima ili m'mwamba. Atamaliza m'pamene analowetsa fayilo ya a dokotala. Kamzere kanayamba kukwawa pa sikirini. A dokotala ankangozungulira tebulo. A Zimitsani anati, "Khalani pansi, a dokotala. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Maimelo anayamba kutsika limodzilimodzi. La mphunzitsi uja linatseguka, miyeso yonse ili momwemo. Tsiku lomwelo ndinakanda pulasitala. Mayiyo anabwera kudzayesa mwendo, anayenda m'khonde ili atagwira chitsulo, kenako anachisiya. Ukwati utatha anatitumizira chithunzi, ataima yekha pambali pa mkwatibwi. A Zimitsani anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti magalasi awo alowa fumbi.

Bambo, odwala athu ambiri sakudziwani. Amathokoza a dokotala, amathokoza ife amisiri. Koma ife tikudziwa kuti pa mwendo uliwonse wotuluka pakhomo pano pali dzanja lanu. Munatipirira. Simunanyozepo munthu chifukwa chofunsa zopusa, ngakhale amene anaiwala kulowetsa pulagi kukhoma. Zikomo kwambiri. Alamu, nanunso zikomo potibwereka amuna anu zaka zonsezi.

Mtima wanu ukhale m'malo. Dzulo ndinadutsa pa chipinda chanu. Mayi amene akulowa m'malo mwanu anali atakopera maimelo a tonse ogwira ntchito pano, akuwatsegula pa kompyuta ina. Inu munaima kumbuyo kwawo, manja mutawatsekera m'matumba kuti angakuthaweni. Zonse zinatseguka musanatchule liwu. Ndinakuonani mukugwedeza mutu, mukumwetulira. Ntchito mwaisiya m'manja abwino.

Tsopano pitani mukapume. Mwakhala mukutiuza kuti mukufuna kuphunzira gitala. Nthawi ija ndi ino, kaya oyandikana nawo nyumba adzati chiyani. Kagoneni mpaka dzuwa likuwombeni pamphumi. Adzukulu akukwereni pamsana. Mulungu akupatseni thanzi ndi masiku ambiri, ndipo mukadutsa mumsewu uno, chitseko chathu musamagogode.

Anzanga, tiimirire tonse. Amene muli ndi makapu aikeni pansi, manja onse awiri afunika. Tiwombe m'manja mpaka a kuchipinda cha odwala amve kuti lero tikuperekeza munthu.