Mzere wa Minibasi Wapeza Mwini Wake

Chilembereni Zoraida Apaza pulogalamu ya pakompyuta yoonetsa minibasi yoyenera kunyamuka ndi yotsatira pake, madalaivala a m'tauni ya Paucarpata anasiya kugululana mano polimbirana okwera, ndipo iye anaiika pa intaneti kuti aliyense aitenge ulere n'kuikonza mmene angafunire. Ndiye Lachiwiri lina anatulukira mu ofesi ya bungwe la madalaivalawo, kalata ili m'manja, n'kupeza amalume ake, a Melquíades Condori, mlembi wa bungwelo, munthu amene akaona pepala lachidindo amayamba wavula chipewa.

"Amalume, kampani ina yakunja ikuti pofika Lachisanu pulogalamu ija ndiichotse, apo ayi tikaonana kukhoti. Akuti ali ndi patenti."

"Patenti ndiye chiyani?"

"Chikalata cha boma lakwawo chonena kuti nzeru yakutiyakuti ndi yawo. Akuti zoti kompyuta izionetsa woyamba pamzere ndi womutsatira anaziganiza ndi iwowo."

A Melquíades anakankhira pambali kapu yawo ya chicha, chakumwa chachimanga chakwawoko. "Ndiye unawabera."

"Sindinabe kanthu. Ndinalemba ndekha, zaka zitatu."

"Nanga akudandaula chiyani? Kwawoko yasowa?"

"Siinasowe."

"Ndiye yawoyo ikugwira bwino ntchito."

"Alibe pulogalamu iliyonse. Ali ndi pepala basi."

"Minibasi ali nazo zingati?"

"Ngakhale tayala alibe."

"Tsono amaika ndani pamzere?"

"Anthu ngati ine, pakhomo la khoti."

Mkuluyo anaitembenuza kalata ija, n'kusisita chidindo ndi chala mwaulemu. "Komabe chidindo sichinama, mwana wa mlongo wanga. Abwezere nzeru yawoyo, upepese, nkhani ithe."

"Ndibweza bwanji? Madalaivala a ku Cochabamba anaitenga. Mayi wina wa ku Recife anakonza pamene inkavuta, n'kunditumizira."

"Aa, iwe. Unabwereketsanso katundu wa eni?"

"Ndi wanga, amalume."

"Ngati ndi wako, akutani ku Cochabamba?"

"Ndinawapatsa. Koma ndikadali naye."

"Iwe unapereka koma uli naye. Awa ndi eni ake koma alibe." Anakanda dazi. "Kusukulu kuja munkaphunzira chiyani kwenikweni?"

Zoraida anamenya tebulo. "Sindichotsa, ngakhale andimange. Mukufuna a Huamaní ayambirenso kuthamangitsa madalaivala anzawo ndi sipanala?"

"Chabwino. Ndiye pulogalamuyo izionetsa womaliza poyamba."

"Anatseka kale pa ndime yachinayi ya patenti yawo."

"Izingotchula aliyense mwachisawawa."

"Imeneyo patenti yake ili ndi kampani ina."

"Nanga titalemba ndi choko pakhoma?"

"Pakhoma n'zololedwa."

"Khoma n'lololedwa, kompyuta ayi. Ndiye wolakwa ndi magetsi."

Apa Zoraida mphamvu zinamuthera. Anaganiza za khoti lakutsidya kwa nyanja, limene ngakhale njira yake sankaidziwa, ndi maloya amene ntchito yawo n'kuopseza anthu opanda maloya. Zinamupweteka zedi, moti misozi inalengeza m'maso. Anatsegula kompyuta yake mwakachetechete.

"Ukutani?" anafunsa a Melquíades, atamugwira mkono.

"Ndikuchotsa. Si mwanena nokha kuti chidindo sichinama?"

"Wakuuza ndani kuti uchotse? Lamulo lachisanu ndi chiwiri la bungwe: chilichonse chokhudza kanyamukidwe ka minibasi sichisinthidwa msonkhano usanamve dandaulo. Nalonso lili ndi chidindo, ndinadinda ndine."

"Ndiye msonkhano umve mawa."

"Ukuthamangira kuti? Madandaulo timawamva motsatana, mmene anafikira. Kuli la matayala akutha, kuli la galu wa a Huamaní amene amagona pampando wa okwera, kuli la uja anadya msuzi wa mnzake Lamulungu la Pasaka. Mzungu sadumpha mzere."

Anadinda kalata ija, n'kuilemba pamndandanda wa madandaulo, umene nawonso unkayendera pulogalamu ya Zoraida yomweyo. Kenaka anafunafuna batani ndi chala chimodzi, lilime lili panja, n'kuuzimitsa mndandandawo.

"Mwatani tsopano?"

"Ndamvera. Kalata yati kompyuta isaonetse woyamba ndi wotsatira. Za minibasi n'za msonkhano, koma za madandaulo zili m'manja mwa mlembi. Mbali yanga ndatseka."

Zoraida anawayang'anitsitsa kufuna kuona ngati akuseka. Nkhope inali gwa, ngati ya munthu amene ali pa Misa.

"Amalume, ndiye dandaulo lawoli lidzamvedwa liti?"

"Uwalembere mwaulemu," anatero a Melquíades, akuvala chipewa. "Uwauze kuti kalata yawo yafika, taidinda, ili pamzere. Idzamvedwa tsiku limene adzatilole kudziwa amene ali patsogolo pawo."