Tikiti ya ku Joni Inapita kwa Asewere

Aulutsi ndi omvera nonse, ndine bambo wamasiye wa kwa Wimbe ku Kasungu, mlimi wa fodya. Mwana wanga wamkazi amakhala ku Joni ndi mwamuna wake. Sabwerabwera, ndipo ndinkadzitonthoza kuti kumeneko n'kutali.

Atachira mwana wake woyamba, anatumiza tikiti ya ndege. Kwathu kuno wokasambitsa khanda ndi mayi. Poti mkazi wanga anatisiya, tikitiyo inapita kwa asewere anga, amayi a mkamwini wangayo. Ndinawaperekeza pasiteji ndikumwetulira.

Atabwerako tinakumana pakhomo la tchalitchi.

"Asewere, Joni ndi pakhonde pompa!" anatero. "Tanyamuka ku Lilongwe, tadya, ndangoti ndiwodzere pang'ono, akuti mangani malamba tikutera. Minibasi yopita ku Lilongwe ndiye imachedwa."

Kenako anandionetsa chithunzi pafoni. Khandalo chipumi chake ndi cha malemu mkazi wanga ndendende. Ndinati, "Ambuye alemekezeke," koma mumtima munali moto. Tsiku limenelo nyimbo zinandikanika kuimba.

Titaweruka ndinamuimbira foni mwana wanga.

"Kani n'pafupi chonchi, iwe osandiitana?"

"Bambo, ndikakuitanani mumati simungasiye fodya m'chigafa. Ndinangosiya kukuvutitsani."

Mwanayo sananame.

Nsanje ikadalipo, sindibisa. Asewere anamunyamula mdzukulu wanga, ine ndangomuona pagalasi la foni. Koma mawa ndikupita kukayamba za pasipoti. Fodya wa chaka chino asoke ena.