Mabuluku Otha M'mawondo

Akuluakulu a bodi, bwana mkulu wa wailesi yathu ya kanema, a Shehe ndi abusa, Mayi Rukiya ndi ana, anzanga nonse, ndakulonjerani. Ine ndine Jenifer wa ku chipinda cha nkhani. Andipempha kuti nditsanzikane ndi a Binali Mustafa, amene agwira kamera pano zaka makumi awiri. Mawu akamanjenjemera mundikhululukire. Ambiri mukudziwa chifukwa chake.

Mayi Rukiya, ndiyambe ndi inu. Mabuluku onse a bambowa ndi otha m'mawondo, ndipo mwasoka zigamba mpaka kutopa. Lero mumve amene anakuputirani ntchitoyo.

A Binali atangoyamba ntchito anawatuma ku Lifuwu kukajambula alimi a mpunga. Kumeneko kunabwera mlendo wovala suti. Iwo analoza kamera pa mlendoyo, osaisuntha, mpaka tepi kutha. Alimi anali atakhala pansi, ndiye anangooneka misana ndi mipango. Patatha sabata kunabwera mayi wina pano, a Tionenji. Anati, "Achimwene, tsiku lija ndinavala chitenje chatsopano. Inu mwaonetsa dziko lonse nkhongo yanga. Kodi mpunga uja analima ndi asuti aja?"

A Binali anasowa poyang'ana. Kuchokera tsiku limenelo lamulo lawo ndi limodzi: munthu akakhala pansi, wojambula agwade. M'matope, pamchenga, pamsika, iwo n'kugwada basi.

Ndipo tavutika nawo, tisabise. Pa nthawi ya nkhomaliro sungaonere nyimbo iwo ali pompo. "Taimitsa pamenepo! Woimbayu kamera ikumujambula kuchokera pansi kuti aoneke bwana. Nanga asodzi ali kumbuyowo nkhope zawo zili kuti? Atsikana ovinawa awadula mitu chifukwa chiyani?" Nyimbo ya mphindi zinayi inkatha ola lathunthu, tchipisi chitazizira. Tinkang'ung'udza. Ine ndawerenga mabuku ambiri onena za kanema, koma palibe limene linandiphunzitsa kufunsa mwachidule ngati iwo: kamera yaima pati, ndipo ndani sakuoneka?

Tsopano ndinene chimene ndaimirira pano.

Mwezi watha bwato linagubuduzika pochokera ku chilumba cha Mbenji. Kanema wa pa foni anafika pa tebulo langa. Mitembo inali pamchenga, yosafunditsa, wojambula ataimirira pamwamba pake. Wachitatu pamzerewo anali mlongo wanga, Masiye. Ndinamuzindikira ndi malaya.

Ena anati tionetse, poti aliyense ali naye kale pa foni. Sindikuwadzudzula. Inenso ndinanenapo mawu omwewo pa maliro a eni. Koma amayi anga ku Khombedza saphonya nkhani za madzulo, ndipo uthenga unali usanawafike.

A Binali anamuonera kanemayo kamodzi kokha. Anati, "Uyu saulutsidwa. Wojambulayu sanagwade." Nkhani inapita ndi chithunzi cha nyanja basi, ndipo amayi anamva kuchokera pakamwa panga.

Sanalekere pomwepo. Anatha masiku atatu akufufuza m'matepi akale. Kenako anabwera kusiwa, Msilamu pakati pa nyimbo zathu za tchalitchi, laputopu ili m'khwapa. Anali atapeza Masiye wa zaka zisanu zapitazo, atakhala pamchenga akusoka ukonde, akuseka, akuyang'ana kamera maso ndi maso. Pakona pa chithunzicho panaoneka bondo la wojambula. Amayi anaonera mpaka kumapeto. Atatha anati, "Bwezaninso. Mwana wanga ndi ameneyu."

A Binali, pamaliro paja ndinalephera kuthokoza. Ndikuthokoza lero. Zikomo chifukwa cha mlongo wanga. Zikomo chifukwa cha alimi, asodzi ndi amayi a pamsika amene anadziona nkhope pa kanema, mwina koyamba.

Ndinali ndi mantha kuti mukachoka lamulo lija lichoka nanu. Koma taonani kutsogoloku. Inu mwakhala pampando, ndipo a Kumbukani, amene akujambula mwambo uno, agwada kale popanda wowauza.

Pitani mukapume, mawondo apole. Mulungu akupatseni masiku ambiri. Mayi Rukiya, singano ija mukhoza kuisunga tsopano.

Anzanga, iwo atigwadira zaka makumi awiri. Ife tiimirire, tiwaombere m'manja.